Njinga yamoto ya Lifan: poigula ndi poisamalira

Kampani ya Lifan idayamba mu 1992 mumzinda wa Chongqing ku China. Injini zake zambiri za 125cc ndi 150cc zimatsatira kapangidwe ka injini ya njinga ya Honda CG, n'chifukwa chake amakaniki a ku Mzuzu sizimawavuta kukonza.

Pogula, onani ngati nambala ya injini ndi ya fulemu zikufanana ndi za m'mapepala. Injiniyo njolimba ndithu; pofooka ndi mabawuti ndi mawaya. Mangitsani mabawuti onse sabata yoyamba, chifukwa mabampu a ku Mchengautuwa amawamasula. Oyilo woyamba mukhetse pa makilomita 500, popeza amakhala ndi tizitsulo, n'kuthira pafupifupi lita imodzi ya oyilo watsopano wa mtundu wa 20W-50.

Tcheni chizisewera masentimita 2 mpaka 3. Nyengo ya mvula, yomwe kuno imachedwa kutha, muzichitsuka matope n'kuchipaka oyilo, apo ayi chidya msanga sipuroketi, kachitsulo ka mano komwe tcheni chimayendapo.