Kusamala oyilo wa Beetle ndi Kombi pa zitunda za kuno ku Mzuzu

Injini ya Volkswagen Beetle kapena Kombi yakale ilibe madzi ngakhale dontho. Imazizira ndi mphepo ya fani komanso oyilo, ndipo oyiloyo ndi malita awiri ndi theka basi. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kumabisa mavuto. Amadzaonekera mu Okutobala, mukukwera kuchokera ku Nkhata Bay kapena pa Chiweta galimoto itadzaza.

Mukamaliza chitunda, imani musolole dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo. Ngati kachitsulo kake kakuotcha moti zala sizingapirire, oyilo watentha mopitirira. Kagetsi ka oyilo musakadalire, chifukwa kamayaka puresha itatsika kale pansi pa theka la bar (muyezo wa puresha). Ikani geji yoyezera puresha ya oyilo. Injini ikatentha, ife timayembekeza puresha ya 10 psi (pafupifupi 0.7 bar) pa ma rpm 1,000 alionse (rpm ndi maulendo amene injini yazungulira pa mphindi imodzi). Kagetsiko kakayaka mukuthamanga, zimitsani injini pomwepo.

Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri akaona puresha yatsika amathamangira oyilo wolimba kwambiri, ena mpaka kuthiramo mankhwala onanda ngati uchi. M'injinimu muli valve ya sipuling'i imene imasankha njira ya oyilo. M'mawa wa Juni oyilo amakhala wolimba, puresha imakwera, ndiye valve imamupititsa ku mabeyaring'i osadutsa mu oil cooler (choziziritsira oyilo) kuti atenthe msanga. Akatentha n'kupepuka m'pamene amalowa mu cooler. Tsono mukathira wolimba mopitirira, puresha imakhalabe pamwamba, oyilo n'kumalambalala cooler pa nthawi imene akufunika kuzizira. Geji imaonetsa zabwino, injini ikupsa. Ine ndimathira oyilo wa 15W-40; wa 20W-50, amene ndi wolimbirapo, ndimasungira injini yotha. Puresha ikapitiriza kutsika, vuto ndi mabeyaring'i kapena pampu, ndipo oyilo sangakonze zimenezo.

Cooler ili m'kati mwa chilata cha fani. Pa injini zopangidwa 1971 isanafike, imatchinga mphepo ya silinda yachitatu, n'chifukwa chake silinda imeneyi ndi imene imayamba kupsa. Timphira ta cooler tikamadontha, oyilo amagwirana ndi fumbi la m'misewu ya ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa n'kumata timipata tonse. Ichotseni, itsukeni ndi palafini mpaka kuwala kuzionekera m'timipatamo, muike timphira tatsopano. Malata onse ozungulira injini abwerere m'malo mwake, pamodzi ndi mphira wa m'mphepete, apo ayi fani izikoka mpweya wotentha wa pansi.

Lamba wa fani akaduka, kagetsi ka jenereta kamayaka, ndipo kuzizira konse kwaima. Musayende ngakhale pang'ono.

Pokwera, tsitsani giya msanga. Fani imazungulira molingana ndi injini, choncho kukakamira giya yachinayi pa chitunda n'kuichepetsera mphepo pamene ikugwira ntchito yaikulu.

Injinizi zilibe fyuluta, zili ndi kasefa chabe pansi, komangidwa ndi manati 6. Sinthani oyilo pa makilomita 5,000 alionse, kapena msanga ngati mumayenda kwambiri m'fumbi, ndipo kasefako muzikatsuka nthawi yomweyo.