Monita ya kompyuta ikulira: momwe mungapezere gwero la phokosolo

Monita ikayamba kulira, ambiri amangoti yatha ntchito. Kawirikawiri si choncho. Kulira kwina kumangosowetsa mtendere, monita n'kugwirabe ntchito zaka zambiri, pomwe kwina ndi chenjezo la moto. Mtundu wa phokosolo, komanso chimene chimalisintha, ndizo zimaloza pamene pali vuto. Pofufuza muzisintha chinthu chimodzi chokha n'kumvetsera. Mukasintha zitatu pakamodzi phokoso n'kusiya, simudzadziwa chimene chathandiza.

Yambani ndi kumvetsera

Zimitsani wailesi, fani ndi china chilichonse cholira m'chipindamo, mutchere khutu.

Ngati mukumva kuthetheka kodukizadukiza, makamaka ngati pali fungo la pulasitiki wopserera kapena pulagi ikutentha, musafufuzenso. Zimitsani pa soketi, muzule pulagi. Pamenepo magetsi akudumpha pamalo pamene zitsulo sizinagwirane bwino. Yang'anani mano a pulagi ndi pamene chingwe chimalowera kumbuyo kwa monita. Mukaona kuda kapena kusungunuka, chingwecho chitayeni, ndipo soketiyo aione wodziwa zamagetsi musanalumikizeponso kanthu.

Kulira kwa mawu a besi, kwa "mmmm" kosasinthasintha, kumachokera ku magetsi a m'nyumba enieniwo. Magetsiwa amayenda pa 50 Hz (Hz imatanthauza kangati pa sekondi) m'mayiko ambiri ndi pa 60 Hz m'mayiko monga United States ndi Canada, ndipo khutu limamva kulira kumeneko kapena kuwirikiza kwake, 100 Hz kapena 120 Hz. Kulira kopyapyala, konga kwa udzudzu pafupi ndi khutu, n'kwa makoyilo a pa bolodi la magetsi. Koyilo ndi waya wa kopa wokulungidwa pa kachitsulo, ndipo magetsi akamadutsamo mozimazima wayayo amanjenjemera pang'ono kwambiri. Kunjenjemerako kukagwera pakati pa 20 Hz ndi 20,000 Hz, khutu la munthu limakumva. Achinyamata amamva mawu opyapyala kuposa achikulire, choncho mwana akamadandaula za phokoso limene inu simukulimva, musamutsutse msanga.

1. Tsimikizani kuti ikulira ndi monitadi

Pindani pepala likhale ngati paipi. Mbali imodzi ikani pakhutu, inayo muziyendetsa m'mabowo otulutsira mpweya kumbuyo kwa monita, pa adaputa ngati ilipo, pa masipika, ndi pa bokosi la kompyuta. Pamene phokoso lakula ndi pomwepo.

Kenako zimitsani monita pa soketi, kompyuta ikuyakabe. Phokoso likapitirira, monita ilibe mlandu, ndipo wolira ndi khadi la zithunzi (bolodi limene limatumiza zithunzi ku monita), fani kapena bokosi la magetsi la kompyutayo. Makhadi a zithunzi amakonda kulira pamasewera, pamene akutulutsa zithunzi mazanamazana pa sekondi, ndipo kuyatsa V-Sync, imene imafananitsa liwiro la zithunzi ndi la monita, kawirikawiri kumawatontholetsa. Phokoso likasiya mutazimitsa monita, yatsaninso monitayo koma muzule chingwe cha HDMI, DisplayPort kapena VGA. Monita yolira ili yokhayokha ili ndi vuto m'kati mwake kapena pa magetsi amene ikulandira. Yolira pokhapokha italumikizidwa ku kompyuta ikuloza ku zingwe, ku kuwala kapena ku chithunzi chimene ikuonetsa.

2. Masipika a m'monita

Mamonita ambiri ali ndi timasipika tobisika pansi kapena kumbuyo, ndipo eni ake sadziwa n'komwe. Lowani m'menyu ya monita, ya mabatani a pa monita pomwepo osati ya pa Windows, mutsitse voliyumu mpaka pa 0. Ngati pali kachingwe ka mawu ka 3.5 mm, kazuleni. Kachingwe kotere kakangolendewera, mbali ina kosalumikizidwa, kamatola phokoso lililonse la magetsi oyandikana nako.

Ngati "mmmm" uja wasiya mutazula kachingwe kamene kanali kolumikizidwa ku kompyuta, vuto ndi earth, waya wachitetezo wopita kunthaka. Kompyuta ikakhala pa soketi ina, monita pa ina, mawaya awo a earth amatha kusiyana mphamvu pang'ono, ndipo timagetsi tosiyanato timadutsa m'chingwe cha mawu n'kukamveka m'masipika. Lumikizani zonse ziwiri pa ekisitenshoni imodzi yabwino. Zikakanika, tumizani mawu kudzera pa HDMI kapena DisplayPort m'malo mwa kachingwe kaja, kapena gulani kachipangizo kotchedwa ground loop isolator mukaike pakati. Ena amalangiza kudula dzino la earth pa pulagi. Phokoso limasiyadi, koma tsiku limene waya adzakhudze chitsulo m'katimo, njira ya magetsiwo idzakhala thupi lanu. Musayese.

Foni nayonso muichotse pafupi. Ikamalumikizana ndi netiweki ya 2G imatumiza mphamvu modukiza ka 217 pa sekondi, n'chifukwa chake masipika amati "dididi-dididi" foni isanalire.

3. Sinthani kuwala

Apa ndi pamene kulira kopyapyala kumagwidwa kawirikawiri. Kwezani kuwala mpaka pa 100, mumvetsere, kenako muzitsitsa ndi 10 nthawi iliyonse mpaka pa 0.

Mamonita ambiri sachepetsa kuwala pochepetsa mphamvu ya nyale zakumbuyo kwa galasi. Amaziyatsa ndi kuzizimitsa mofulumira, kambirimbiri pa sekondi, njira yotchedwa PWM. Diso siliona kuphethirako, koma makoyilo amakumva, ndipo amalira motsatira. Pa 100 nyale zimayaka osazima, phokoso n'kutha. Ngati monita yanu ikuchita zimenezi, siinawonongeke. Pezani nambala imene yakhala chete, mwina 100, mwina 70, muisiye pomwepo. Kuwalako kukamakuwawani m'maso, kuchepetseni kudzera pa pulogalamu ya khadi la zithunzi, ya NVIDIA, AMD kapena Intel, chifukwa kumeneko kumadetsa chithunzi chokha osakhudza nyale. Zimitsaninso Eco Mode ndi Dynamic Contrast, popeza zimasintha kuwala pazokha ndipo phokoso limangobwera ndi kupita popanda chifukwa chooneka. Pogula ina, yolembedwa kuti Flicker-Free kawirikawiri imakhala yosagwiritsa ntchito kuphethira kotereku.

Mamonita akale a LCD, ambiri opangidwa chaka cha 2010 chisanafike, ali ndi timachubu ta CCFL m'malo mwa LED. Timachubuti timafuna mavoliti mazana angapo, ochokera ku kabolodi kotchedwa inverter. Kulira kukamabwera limodzi ndi chithunzi chofiirira poyatsa, kapena chithunzi chikamaoneka masekondi awiri n'kuzima, ndiye kuti machubu kapena inverter zatopa.

4. Chithunzi ndi liwiro lake

Tsegulani tsamba loyera lokhalokha, kenako lakuda, kenako lodzaza timizere ta mawu. Mamonita ena amalira pa chithunzi cha mtundu umodzi wokha. Pa Windows 11 pitani pa Settings, System, Display, Advanced display, musinthe refresh rate, liwiro limene monita imasinthira chithunzi, monga kuchoka pa 144 Hz kupita pa 120 Hz, kapena pa 75 Hz kupita pa 60 Hz. Ngati mukugwiritsa ntchito VGA ndipo pagalasi pakuyenda timizere, mangani tizomangira tiwiri ta m'mbali mwa pulagiyo, mupatulenso chingwecho ndi zingwe za magetsi.

5. Magetsi olowa

Chotsani monita pa ekisitenshoni, muilumikize mwachindunji pa soketi ya pakhoma, ndipo ngati n'kotheka ya chipinda china. Firiji, pampu, chaja yotchipa ndi swichi yochepetsera kuwala kwa nyale zimaipitsa magetsi a pa mzere umene zili. Sinthaninso chingwe cha magetsi, ndipo pochilowetsa kankhani mpaka chifike, chisamagwedere.

Monita ikamalira pokhapokha ili pa UPS (chipangizo cha batire chopereka magetsi akazima) kapena pa inverter ya batire, onani zolembedwa pa chipangizocho. Za modified sine wave zimatulutsa magetsi odumphadumpha, ndipo makoyilo amalira nawo. Za pure sine wave sizichita zimenezi.

Ngati wolira ndi adaputa, muli ndi mwayi, chifukwa imangosinthidwa. Werengani chizindikiro chake. Mavoliti akhale ofanana ndendende: ya 19 V ilowedwe m'malo ndi ya 19 V, ya 12 V ndi ya 12 V. Nambala ya A ikhale yofanana kapena yoposa, osati yochepera, ndiye kuti ya 3.42 A ikhoza kulowa pamene panali ya 2.1 A. Kukula kwa kamutu kake komanso mbali ya + ndi ya − zifananenso. Adaputa zina zimalira monita ikakhala pa standby, chifukwa monita ikamakoka magetsi ochepa zimagwira ntchito modukiza kuti zisunge magetsi. Zimenezo si vuto, muzingozimitsa pa soketi usiku.

6. Zikafika m'kati

Phokoso limene likukulirakulira mwezi ndi mwezi, monita n'kumachedwa kuyaka, kanyale kakutsogolo n'kumangophethira, limaloza ku makapasita. Awa ndi timigolo ting'onoting'ono ta pa bolodi la magetsi. Kutentha kumaumitsa madzi a m'kati mwake, ndipo pamwamba pake, poyenera kukhala pafulati, pamafufuma kapena kutuluka utoto wofiirira.

Ngati waranti ikadalipo, musatsegule. Jambulani phokosolo pa foni, muibweze. Ngati inatha, pitani nayo kwa wokonza, pokhapokha ngati ntchito ya mabolodi a magetsi mumaidziwa. Kapasita yaikulu, yolembedwa 400 V kapena 450 V, imasunga mavoliti pafupifupi 325 pa magetsi a 230 V, ndipo imatha kukhala nawo ngakhale pulagi itazulidwa. Monita yakale yachimbuyo chachikulu, ya CRT, ndiye musaiyandikire n'komwe m'kati, chifukwa chubu chake chimagwira ntchito ndi mavoliti oposa 20,000.

Wokonza wabwino amayamba watulutsa magetsi a m'kapasita yaikuluyo kudzera pa resistor, n'kupima ndi mita kuti atheradi. Amasintha makapasita onse a mbali yotulutsa magetsi, osati ofufuma okhawo, chifukwa anzawo akalamba nawo limodzi. Atsopanowo akhale a µF yofanana, monga 470, 680 kapena 1000, a mavoliti ofanana kapena oposa, a 105°C, a mtundu wa low ESR, ndipo mzere wa − uyang'ane kumene unayang'ana wakalewo. Amaonanso ngati mtovu wa pamiyendo ya thiransifoma wang'ambika, n'kuuwotchereranso. Koyilo yogwedera amaimata ndi vanishi wa zamagetsi kapena silikoni wosadutsa magetsi. Silikoni wonunkha ngati vinega sayenera pamenepo, chifukwa asidi wake amadya kopa wa pabolodi.