Imbani belu mukadali patali

Inu amene mumapalasa njinga pamsewu wochokera ku malire a Dedza kupita ku Ulongwe, makamaka tsiku la msika, ndikupempheni kanthu kamodzi: imbani belu mukadali patali. Musadikire kuti tayala lifike pachidendene cha munthu. Mayi amene wasenza dengu la tomato, mwana ali kumsana, akadzidzimuka amathawira kulikonse, mwinanso komwe inu mukulowera.

Achinyamata opalasa m'gulu, amene mumathamanga madzulo aja, msewu ukachepa ndondozanani mmodzimmodzi. Wotsogola akaona dzenje kapena mbuzi, akuwe n'kuloza ndi dzanja, chifukwa wam'mbuyo amangoona msana wa mnzake basi.

Kuno timayendera kumanzere, ndiye popitirira mnzanu dzerani kumanja kwake, mutacheuka kaye kuona ngati kukubwera galimoto. Koma bambo amene wamanga matumba atatu a makala kapena a mbatata ya kachewere, apatseni mpata waukulu ndithu. Njinga yolemera chonchi siima msanga pamtsetse, ndipo akagwira buleki mwamphamvu katundu amawagwetsa. Ine ndikawapeza otere ndimachepetsa liwiro, n'kuwatsatira pambuyo mpaka pamalo potakasuka.