Kusunga Deta Motetezeka pa Netiweki ya Malabotale Oyeza Matenda ndi Tizilombo ta Mbewu

Malabotale angapo akamagawana zotsatira, choopsa kwambiri chikatuluka panja ndi zotsatira zosatsimikizika zomwe zikuloza munda wa munthu. Mphekesera yoti pamalo pena papezeka kachilombo koletsedwa imatha kutseketsa msika wa kunja, kuyeza kwachiwiri kusanachitike n'komwe.

Yambani ndi kulekanitsa. Sampulo ikangofika, ipatseni nambala yosabwerezeka: zilembo za labotale, chaka, kenako nambala yotsatana. Zilembo za labotalezo musazisiye, chifukwa popanda izo malabotale awiri amapereka nambala imodzi, deta n'kusokonekera poiphatikiza. Dzina la mlimi, foni yake ndi malo enieni a munda zikhale m'kaundula wapadera wotsekulidwa ndi anthu awiri kapena atatu okha. Kunkhokwe yaikulu ya deta yomwe malabotale amagawana kupite nambala, mtundu wa mbewu, tsiku, njira yoyezera (PCR, ELISA kapena maikulosikopu) ndi zotsatira.

Pa GPS ndi pamene ambiri amapunthwa. Manambala 5 pambuyo pa kadontho amaloza malo a pafupifupi mita imodzi, pamene manambala 2 amangosonyeza dera la pafupifupi kilomita imodzi. Kunkhokwe tumizani odulidwawo. Komabe kudulako n'kopanda phindu ngati chithunzi cha tsamba lodwala chapita ndi EXIF yake (uthenga wobisika m'fayilo ya chithunzi), poti foni imalembamo malo ndi nthawi mwiniwake osadziwa. Fufutani EXIF musanatumize, ndipo zithunzizi zisadutse pa WhatsApp kapena pa imelo ya munthu payekha.

Mayina a tizilombo asalembedwe pamanja. Mayina asayansi amasinthidwa, ndipo kuphonya chilembo chimodzi kumabisa mliri pofufuza. Gwiritsani ntchito makodi a EPPO (bungwe loteteza mbewu la mayiko a ku Ulaya ndi a kunyanja ya Mediterranean), monga LAPHFR ya Spodoptera frugiperda ndi XYLEFA ya Xylella fastidiosa.

Zotsatira zilizonse zilembedwe kuti "zikuganiziridwa", "zatsimikizidwa" kapena "sizinapezeke". Zongoganiziridwa zionedwe ndi woyeza, labotale yotsimikizira ndi bungwe la boma loteteza mbewu basi. Pansi pa IPPC, pangano la mayiko loteteza mbewu, udindo wolengeza kumayiko ena ndi wa bungwelo, motsatira ISPM 17 (ndondomeko ya kalengezedwe ka tizilombo), osati wa labotale.

Munthu aliyense akhale ndi akaunti yakeyake yolowera ndi pasiwedi komanso kodi yachiwiri. Akaunti yobwerekana imapha kaundula wosonyeza amene wasintha zotsatira, pomwe kaundulayo ndiye umboni wanu mlandu ukabuka. Wosiya ntchito atsekeredwe akaunti tsiku lomwelo. Deta iziyenda pa njira zotetezeka za HTTPS kapena SFTP, ndipo malaputopu ndi matabuleti opita kumunda akhale ndi encryption ya disiki yonse (kubisa deta kuti wopanda kiyi asaiwerenge).

Sungani makope 3 a deta, pa zipangizo zamitundu 2, kope limodzi likhale kutali komanso losalumikizidwa ku netiweki, chifukwa ransomware (pulogalamu ya akuba yotseka deta kuti mulipire) imawononganso makope omwe ikuwafikira. Miyezi 3 iliyonse bwezeretsani kope limodzi pa kompyuta ina, muwerenge ngati masampulo onse alimo.