Mukawerenga za phiri m'Baibulo, musatseke buku musanatsike nalo

Chaka chimene ntchito inandithera, amayi anga anagonekedwanso m'chipatala mwezi womwewo. Ndinkachezera pa benchi panja pa wodi, tulo osabwera, m'thumba muli kabuku kachikuto chobiriwira ndi pensulo yofupika. Njira imene ndikufuna kukupatsiraniyi inabadwira pamenepo. Sifuna maphunziro a ubusa. Ifuna Baibulo, pepala ndi mphindi 20 zimene foni ili chete.

Yambani ndi pepalalo. Ligonekeni chopingasa, mujambule mzere wa zaka 10 zapitazi, wokwera pamene zinthu zinkayenda, wotsika pamene zinavuta. Pa nsonga iliyonse ndi m'chigwa chilichonse lembani liwu limodzi lokha. Wanga unali ndi "ukwati" pamwamba, "mwana" pamwamba kwambiri, kenako "ngongole" ndi "wodi" pansi penipeni, pensulo mpaka kuboola pepala. Musaukongoletse mzerewo, palibe adzauone.

Mukamaliza, dzanja lidzafuna kulemba kuti pamwambapo Mulungu anali nanu, pansipo anakutayani. Ine ndinalemba zimenezo. Musanatero, tsegulani 1 Mafumu 20. Asilikali a Aramu atagonja, anyamata a mfumu Benihadadi anaiuza kuti Aisraeli apambana chifukwa Mulungu wawo ndi wa kumapiri, ndipo akakumana nawo pachidikha adzawagonjetsa. Chaka chotsatira anasonkhana ku Afeki, Aisraeli akuoneka ngati timagulu tiwiri ta mbuzi pamaso pa chikhamu chodzaza dziko. Munthu wa Mulungu anauza Ahabu, mfumu ya Israeli, kuti Aaramu agonjanso, chifukwa chake n'chakuti anena kuti Yehova ndi wa mapiri osati wa zigwa. Nditawerenga ndinayang'ana pepala langa, manyazi n'kundigwira. Maganizo a Aaramu aja ndinali nditawalemba ndi dzanja langa, ine wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse.

Tsono sankhani phiri limodzi pa sabata, ndipo lamulo ndi ili: muwerenge nkhani ya paphiripo pamodzi ndi zimene zinachitika munthuyo atatsika. Alaliki ambiri amaima pamwamba, popeza ndi pamene mpingo umaomba m'manja. Inu pitirirani.

Yambani ndi Karimeli, phiri limene lili m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi mzinda wa Haifa masiku ano. Mutu 18 wa 1 Mafumu tonse timaudziwa. Eliya yekha, aneneri a Baala 450, mitsuko inayi ya madzi kuthiridwa paguwa katatu, moto kutsika n'kunyambita ndi madzi a m'ngalande omwe. Mnyamata wake anapita kasanu ndi kawiri kukayang'ana kunyanja mpaka anaona kamtambo konga dzanja la munthu. Eliya anathamanga patsogolo pa galeta wa Ahabu mpaka ku Yezireeli. Tembenuzani tsamba. Uthenga umodzi woopseza wa Yezebeli, mkazi wa Ahabu, munthu yemweyo wathawa, wasiya mnyamata wake ku Beereseba, wayenda tsiku lathunthu m'chipululu, wagona pansi pa kamtengo akupempha imfa.

Apa chedwanipo, onani zimene mngelo anachita. Sanamudzudzule, sanamukumbutse za moto wadzana. Anamudzutsa, nam'patsa mkate wootcha pamakala ndi madzi, n'kumuleka agonenso. Kachiwiri chimodzimodzi, akuti ulendo ndi wautali. Choncho ngati liwu limene muli nalo lero lili pansi pa mzere, chinthu choyamba si kusala kudya kapena kudzifunsa tchimo limene mwachita. Idyani, gonani. Ine namwino wina wachikulire ndi amene anandiuza: "Achimwene, mukagwa inu, mayi anu awayang'anira ndani? Pitani mukagone." Ndinamvera monyinyirika, ndipo m'mawa mwake ndinakwanitsa kupemphera koyamba patatha masiku asanu.

Eliya anayenda masiku 40 kufika ku Horebu, phiri lachiwiri, n'kulowa m'phanga. Kunadutsa chimphepo chong'amba miyala, chivomezi ndi moto, Mulungu osakhalamo. Anabwera m'kamawu kotsitsa. Funso linali loti akuchita chiyani kumeneko, ndipo Eliya anakhuthula zonse, kuti watsala yekha. Inunso lembani yankho lanu pansi pa mzere, mosabisa. Kenako lembani mayina atatu a anthu amene sanakuthaweni, pakuti Eliya anauzidwa kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala. Munthu ali m'phanga sawerenga bwino anzake.

Sabata yotsatira tengani Marko 9. Mauthenga Abwino satchula dzina la phiri limene Yesu anasandulikirapo nawala. Mwambo wa mpingo umati ndi Tabori, losafika mamita 600, pamene ena amaloza Herimoni, lopitirira mamita 2,800. Nkhani iyi ndi ya masiku amene zikukuyenderani. Petro anafuna kumanga misasa itatu kuti akhazikike pomwepo, ndipo Marko akuti sankadziwa chonena. Atatsika anapeza mkangano, ophunzira anzawo atalephera kuchiritsa mnyamata wogwa ndi kuchita thovu, bambo wake akufuula kuti akukhulupirira koma athandizidwe pa kusakhulupirira kwake. Mukakhala pamwamba, lembani tsiku ndi chimene mwaona, mwatsatanetsatane, chifukwa m'chigwa mudzayamba kukayika ngati zinachitikadi. Mukatero funsani kuti ndani akudikira m'tsinde mwa phiri. Kawirikawiri ndi munthu amene foni yake mwakhala mukuizengereza kuyankha.

Ndilankhulepo pang'ono za vesi ya kusuntha mapiri, pakuti ili pomwepa, pa Mateyu 17:20. Wina anandiwerengera pa khomo la wodi, n'kuwonjezera kuti amayi akapanda kudzuka ndiye kuti chikhulupiriro changa n'chochepa. Sindinamuyankhe, koma ndikupemphani, vesi iyi musamenyere nayo munthu wodwazika. Amene anaiyankhula ndi yemwe anagwada ku Getsemane, m'tsinde mwa phiri la Azitona, napempha kuti chikho chimupitirire, ndipo sichinamupitirire.

Phiri la Azitonalo lipatseni sabata yakeyake. Pa 2 Samueli 15:30 Davide akulikwera wopanda nsapato, wofunda kumutu, akulira, akuthawa mwana wake Abisalomu. Apa ndi pamene mzere wanga unasokonekera, chifukwa Davide akukwera koma moyo wake ukutsika. Ndiponso pa phiri lomwelo, malinga ndi Machitidwe 1, ndi pamene ophunzira anaona Yesu akukwera kumwamba. Ndinabwerera ku pepala langa n'kupeza kuti nsonga ina imene ndinkanyadira, chaka chimene ndinakwezedwa pa ntchito, ndi chaka chimene ndinasiya kupemphera ndi mkazi wanga. Mukapeza zotere musafufute mzere woyamba. Jambulani wina pamwamba pake ndi cholembera cha mtundu wina, muone pamene ikusiyana.

Masiku ena mutu sugwira nkhani yaitali. Pamenepo gwiritsani Masalimo 120 mpaka 134, nyimbo 15 zotchedwa zokwerera, zimene ambiri amati ankaimba apaulendo opita ku Yerusalemu. Wochokera ku Yeriko, mzinda wotsika mamita pafupifupi 250 kuposa mulingo wa nyanja, ankakwera mamita ngati 1,000 pa msewu wosakwana makilomita 30, wouma ndi wa achifwamba. Mukadziwa zimenezi, Salimo 121 limamveka mosiyana. Wokweza maso ake kumapiri uja sakusirira kukongola ayi, akuona chikweza chimene chikumudikira, n'kufunsa kumene thandizo lichokere. Werengani limodzi patsiku, mokweza mawu, makamaka mukuyenda. Ena ndi aafupi moti mavesi atatu atha.

Nebo ndinalisiyira kumapeto, ndipo inunso musalithamangire. Lili m'dziko la Jordan lero. Mose, ali ndi zaka 120, maso akuonabe bwinobwino, anakwera n'kuonetsedwa dziko lonse ndi chigwa cha Yeriko, koma sanawoloke. Iyi ndi nkhani ya phiri yopanda kutsika, ndipo lamulo langa lija silinagwire ntchito. Ndinaiwerenga sabata imene amayi anatisiya. Ndinakhala ndi Deuteronomo 34 masiku angapo osalemba kanthu, mpaka tsiku lina ndikubwereza Marko 9 ndinaona dzina limene ndinkangolidumpha: mmodzi wa awiri amene ankayankhula ndi Yesu paphiri paja anali Mose. Ndinatenga pensulo, pafupi ndi liwu loti "wodi" n'kulemba mavesi awiriwo moyandikana. Kabukuko kakadali m'thumba, mzere wafika pa tsamba lachinayi.