Kumata crown ya zirconia kuti isamatuke

Adokotala, mwafunsa chifukwa chake crown (chipewa chovekera dzino) ya zirconia (mtundu wa ceramic wolimba) ikumatuka ngakhale mumathira hydrofluoric acid. Asidiyo sadya zirconia chifukwa mu zirconia mulibe galasi la silica. Chitani motere:

1. Yesani kaye crown mkamwa mwa wodwala.
2. Pemererani mkati mwa crown ufa wa alumina wa ma micron 50, mphamvu ya mpweya ya bar 1 mpaka 2, patali mamilimita 10. Mukawonjeza mphamvu, crown imatha kuchita ming'alu. Ufawo umachotsanso malovu, amene phosphate yake imatseka pomwe primer (mankhwala othandiza kuti crown imatike) imagwira.
3. Tsukani ndi alcohol, muumitse. Phosphoric acid ayi, imatsekanso pomwepo.
4. Pakani primer ya MDP (mankhwala ogwira pa zirconia). Kuno ku Mangochi kumatentha, botolo lizikhala pozizira.
5. Matani ndi resin cement (guluu womatira crown pa dzino), muunike ndi nyali youmitsira mbali zonse.