Musanalipire ndi dime, yang'anani chaka chake

Amene mwangofika kumene ku America, ndalama yachitsulo yosokoneza kwambiri ndi dime. Ndi kakang'ono kuposa nickel ya masenti 5, koma ndi ka masenti 10, ndipo nambala 10 simuipeza paliponse, anangolemba kuti ONE DIME. Tikakwana khumi ndi dola imodzi.

Komatu si dime iliyonse yomwe mtengo wake umathera pa masenti 10. Zopangidwa mu 1964 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva magawo 90 pa 100 alionse, chotsalacho ndi kopa. Imodzi imalemera magalamu 2.5, ndiye kuti siliva yekha ndi magalamu 2.25. Siliva atakwera mtengo, boma linamuchotsa kuyambira 1965, n'kuyamba kupanga za kopa zokutidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi nikelo. Ogula siliva amalipira motengera mtengo wa tsikulo, ndipo dime yakale imodzi imadutsa dola ngakhale itafufutika nkhope.

Chaka chikapanda kuoneka bwino, itembenuzeni muone m'mphepete. Yatsopano imakhala ndi kamzere kofiirira ka kopa pakati. Yasiliva ndi yoyera ponseponse, ndipo mukaigwetsa patebulo imalira mokoma.

Zambiri mwa zimene mungapeze m'chenji zili ndi nkhope ya pulezidenti wakale wa America Franklin Roosevelt, yemwe wakhala pa dime kuyambira 1946. Mukaona mayi wovala chipewa chamapiko, imeneyo ndi Mercury dime ya pakati pa 1916 ndi 1945. Isungeni padera. Pagulu limeneli, yosowa kwambiri ndi ya 1916 yokhala ndi chilembo D kumbuyo, kusonyeza kuti inapangidwa ku Denver. Zinatuluka 264,000 zokha, n'chifukwa chake zachinyengo zachuluka. Musagule yotere popanda chitsimikizo cha PCGS kapena NGC, makampani oyeza ndalama zakale ngati ndi zenizeni.

Chonde, musaitsuke. Kwathu tinazolowera kukwecha mapoto mpaka awale, koma ndalama yakale mukaikwecha ndi phulusa kapena mankhwala, osonkhanitsa ndalama zakale amaitsitsa mtengo pomwepo. Igwireni m'mphepete, muiike m'kathumba kakekake.

Amene mumagwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo, musangosinthitsa dime yakale ndi yanu mwakachetechete. Pemphani kaye kwa abwana, ntchito ingakuthereni pa zinthu zazing'ono. Pogulitsa, funsani mtengo m'masitolo awiri kapena atatu ogula ndalama zakale, mutaona kaye pa intaneti mmene siliva akuyendera tsikulo.